R.E.M., Gulu Lomwe Linayambira m'Tchalitchi Chakale

Pa 5 Epulo 1980, anyamata anayi anaimba koyamba pagulu mumzinda wa Athens, m'chigawo cha Georgia ku America. Unali mwambo wokondwerera tsiku lobadwa la mnzawo, m'tchalitchi chomwe anthu anali atasiya kupempheramo. Michael Stipe ankaimba, Peter Buck ali pa gitala, Mike Mills pa besi, Bill Berry pa ng'oma. Dzina loti R.E.M. linadza pambuyo pake.

Mawailesi a m'masukulu aukachenjede ndiwo anayamba kuwatchukitsa. Chimbale chawo choyamba, Murmur, chinatuluka mu 1983, ndipo magazini ya Rolling Stone inachisankha kukhala chopambana chaka chimenecho, pamwamba pa Thriller cha Michael Jackson. Chodabwitsa n'chakuti Stipe ankaimba mong'ung'udza, mawu osamveka bwino, koma anthu anakopeka nazo zomwezo.

Mwina nzeru yawo yaikulu inali pa ndalama. Nyimbo iliyonse ankailemba m'maina a onse anayi, kaya wapeka ndani. Magulu ambiri amapasukira pa nkhani yogawana ndalamayi.

Mu 1991 nyimbo ya Losing My Religion inawamveketsa dziko lonse. Kenako mu 1995, akuimba ku Lausanne ku Switzerland, Berry anagwa, mtsempha wa mu ubongo utaphulika. Anachira, komabe mu 1997 anatsazika n'kukayamba ulimi.

Otsalawo anapitiriza atatu, ngakhale zimbale zina zinatuluka zozizira. Pa 21 Seputembala 2011, atatulutsa zimbale 15, analengeza kuti gululo latha, popanda mkangano kapena kukokerana kukhoti.