Makina oyeza mvula angateteze mpamba wanu

GPS yomwe ili mufoni yanu idayamba ngati chida cha asilikali a ku America, kenako idafika kwa anthu wamba. Kuyambira 1982, boma la dzikolo limapatulanso ndalama za kafukufuku n'kupatsa makampani ang'onoang'ono kudzera mu ndondomeko ya SBIR. Ena mwa makampaniwa amapanga tizipangizo toyeza mpweya, madzi ndi mphepo. Tikagwira bwino ntchito, amatigulitsa pamsika.

Kuno kwathu, bungwe la boma lolimbikitsa kafukufuku ndi NCST. Nayo sukulu ya ukachenjede ya MUST, konkuno ku Thyolo, yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuulutsa madroni ojambula minda ndi malo osefukira madzi, mothandizidwa ndi UNICEF.

Nanga wamalonda wa kwa Nsabwe zikumukhudza bwanji? Chenjezo lomwe nthambi ya zanyengo imaulutsa pawailesi limachokera ku makina otere, oyeza mvula, mphepo ndi chinyezi. Paja mu Malichi 2023 namondwe Freddy adadula misewu ndi milatho, katundu adaolera panjira, mitengo n'kukwera.

Tsono mukamva kuti kukubwera mvula yamphamvu, chepetsani kupikula tomato, nthochi ndi nanazi. Ikani mpamba pa mchere, sopo, ufa ndi makandulo, zomwe zimakhalitsa, ndipo kaodeni misewu isanaduke. Chenjezoli ndi laulere, koma dengu limodzi la tomato woola lingadye phindu la sabata yonse.