Anthu osamala mitengo ya m'miphika

M'mphepete mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, makamaka pamene madzi ali pafupi, mumapeza mbande zitandandalikidwa m'machubu akuda: kanjedza, fikasi, jakaranda ndi timitengo tina tokongoletsa pakhonde. Wodutsa pagalimoto amangoona malonda. Sadziwa kuti kamtengo kofika m'chiuno katha miyezi yambiri, mwina chaka, kali m'manja mwa munthu.

Ntchitoyi ili ndi eni ake ambiri. Pali ofesa njere ndi odula nthambi zoti zimere mizu. Pali anyamata otunga madzi m'makheni m'mawa ndi madzulo, ena obweretsa dothi lakuda, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa pawilibala, komanso oumba miphika ya simenti amene amakonda kukhala chapafupi pomwepo. Malonda amayenda bwino mvula ikagwa, m'nyengo yodzala mitengo imene m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Koma thukuta lenileni limatuluka mu Okutobala ndi Novembala, pamene chubu chouma tsiku limodzi chimatha kupha mbande.

Luso lawo limaonekera posamutsa mtengo kuuika mumphika. Katswiri amayamba wasuzumira pansi pa mphikawo kuona ngati pali bowo lotulukira madzi. Ngati palibe, amaboola kaye. Amang'amba chubu ndi lumo mosamala kuti dothi lisagumuke, ndipo akapeza mizu itazungulirazungulira ngati nkhata, amaimasula ndi zala. Akasiya choncho, mtengowo udzadzipha wokha. Manyowa amafuna owolerana, chifukwa zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Ndipo sakwirira tsinde kupitirira pamene dothi linkalekezera m'chubu muja.

Mtengo ukagulidwa, umagwera m'manja mwa wantchito wosamala pabwalo, ndipo apa mpamene pali chisoni. Mtengo wa mumphika sungatumize mizu pansi kukasaka chinyezi. Moyo wake wonse uli mwa amene wagwira kheni. Wodziwa ntchito amapisa chala m'dothi asanathirire, ndipo akamva chinyontho amadutsa. Koma abwana ambiri amafuna kuona madzi akuthiridwa tsiku ndi tsiku, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye pamene dothi limachedwa kuuma. Mizu imawola, masamba amachita chikasu n'kuyoyoka, abwana aja n'kulamula kuti madzi awonjezeredwe. Mtengo ukafa, mlandu umagwera wantchito, mwinanso kumudula malipiro amene ndi ochepa kale. Fikasi ndiye amawapezetsa mavuto kwambiri anthuwa, chifukwa amayoyola masamba mukangomusuntha malo, ngakhale alibe matenda alionse.

Ambiri mwa anthuwa sanapite kusukulu ya zaulimi. Anaphunzira poona anzawo, mpaka kudziwa kuyang'ana kunsi kwa tsamba kumene nsabwe zimabisala, kutembenuza mphika kuti mtengo usapendekere kumene kuli dzuwa, ndi kuzindikira kuti mizu ikatulukira kubowo, mphika wachepa. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi ntchito yaluso, yoyenera ulemu wofanana ndi wa mmisiri wa matabwa kapena womanga nyumba.

Inu amene mukugula kamtengo chaka chino, musathamangire kunenerera mtengo wake basi. Funsani wogulitsayo ngati kamakonda dzuwa kapena mthunzi, ndiponso kuti kazithiriridwa kangati. Ndipo wantchito wanu akakuuzani kuti lero sathirira, mumvereni.