Za Mankhwala a m'Nyumba ndi a m'Munda

Mau olalikidwa nyengo ya masika, pa 2 Mafumu 4:38-41

Pa mau awa tiwerenga za njala imene inagwa ku Giligala masiku a mneneri Elisa. Elisa anauza mnyamata wace kuti atereke mphika waukuru, aphikire ana a aneneri, ndipo mmodzi wa iwo anamuka kuthengo kukafuna ndiwo. Napeza zipatso zonga timaungu, nazidulira mumphika osazidziwa. Pakudya anazindikira kuti ndiwozo nzakupha, napfuulira mneneri. Ndipo Mulungu anawalanditsa mwa ufa umene Elisa anathiramo. Taonani, munthuyo sanali mfiti kapena mdani. Anafuna kudyetsa anzace. Cimene cikadawapha onse ndico kusadziwa.

Masiku ano mankhwala ambiri alowa m'midzi mwathu: ena osungira cimanga, ena opopera thonje, fodya ndi matimati, ena ocapira ndi otsukira. Sitinena kuti ali oipa, pakuti mwa iwo dzinthu zipulumuka kwa anankafumbwe, ndi madzi othira klorini atichinjiriza ku kolera. Koma ali ngati moto, umene uphika nsima, nutenthanso nyumba. Cifukwa cace tiyeni tilingalire malo atatu kumene imfa ikhoza kubisala.

Coyamba, m'nyumba. Ambiri asunga parafini m'botolo la Fanta, naliika pansi. Mwana waludzu aliona, namwa. Pamenepo musamsanzitse konse, pakuti parafini pobwerera alowa m'mapapu, nayambitsa cibayo coopsa. Musakhulupirenso mkaka kapena madzi amcere, sizicotsa ululu. Thamangani naye ku cipatala, ndipo botololo mulitenge, kuti adokotala adziwe cimene wamwa. Mankhwala ali onse akhale m'cotengera cao comwe, malembo ace akuoneka, pamalo okwera ndi otseka, kutali ndi ufa ndi mcere.

Amai, Jik ayeretsa zobvala bwino, koma musamsanganize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira cimbudzi. Zikakomana zitulutsa mpweya wa klorini, womwewo umene unapha asilikari ku Ypres m'caka ca 1915; uocha maso ndi mapapu, makamaka m'cipinda cotseka.

Koposa zonse tinene za tameki, amene dzina lace lina ndi aldicarb. Anapangidwira tizirombo ta m'munda, koma anthu amamgula m'timapepala kuti aphere makoswe. Tinjere tace towerengeka tikhoza kupha mwana; ndipo garu kapena nkhuku yodya khoswe wakufayo ifanso. Womumwa acuca malobvu ndi thukuta, asanza, mboni za maso ace zicepa, nabanika. Ku cipatala kuli mankhwala ochedwa atropine amene apulumutsa wofika msanga. Tidziwanso kuti ena amwa tameki dala, atapsa mtima kapena atataya ciyembekezo cifukwa ca ngongole ndi ndeu za m'banja. Nthawi yowawayo kawirikawiri ipita. Koma ululu ukakhala pafupi, munthu afa isanapite. Nyumba ya Mkristu isasunge cinthu cotere. Msampha ndi mphaka zikwanira. Ndipo mbale wothodwa mtima tisamsiye yekha.

Caciwiri, m'nkhokwe ndi m'munda. Tsopano tirikukolola, ndipo cifukwa ca akuba ambiri aika matumba a cimanga m'cipinda cogona. Mankhwala apfumbi, monga Actellic, athiridwe monga mwa muyeso wolembedwa, osaonjeza. Koma alipo mapiritsi a aluminium phosphide, amene akakhudza cinyezi atulutsa mpweya wakupha ochedwa phosphine. Mpweyawo upyola thumba, nudzaza nyumba usiku, ndipo kulibe mankhwala outhetsa mphamvu m'thupi. Mapiritsi amenewo ndi a anthu ophunzira nchitoyo, m'nyumba zosungira dzinthu zosagonamo munthu. Mbeunso yogula, yopakidwa utoto, njobzala yokha. Ingakhale njala ikule, kuitsuka sikuisandutsa cakudya.

Wopopera abvale zophimba thupi lonse, manja, mphuno ndi pakamwa, pakuti mankhwala alowa ndi pakhungu pomwe. Asapopere moyang'anana ndi mphepo, asadye kapena kusuta ali pa nchito, ndipo atatha asambe ndi sopo. Ana ndi amai apakati asagwire nchito imeneyi. Pa botolo palembedwa masiku oyenera kupita musanachole. Munthu wopopera matimati lero, nawatengera kumsika mawa, acita monga uja wa ku Giligala. Koma uyo sanadziwa, ndipo uyu adziwa.

Cacitatu, m'madzi ndi m'nthaka. Wotsukira mpope wace mumtsinje amwetsa ululu mudzi wakumunsi, pamodzi ndi ng'ombe zao. Wothira mankhwala m'dziwe kuti agwire nsomba aposa kuipa kwa katupe, pakuti apha zazikuru ndi tiana tomwe, nadyetsa anthu nsomba zaululu. Cigubu cikatha, mucitsuke katatu, madziwo muwathire mumpope ndi kuwapopera m'munda. Ndipo muciboole, kuti wina asatungire madzi kapena kusungiramo mafuta ophikira.

Musayese kuti cotayidwa pansi catha. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale kunachedwa Broken Hill, anakumba mtobvu zaka zambiri, ndipo mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1994; koma pfumbi la mtobvu linatsala m'nthaka, nililowa m'mwazi wa ana osewera pabwalo, niliononga nzeru zao. Mtobvu womwewo uli m'mabatire a galimoto, amene ena amaphwanya pakhomo. Momwemonso DDT akhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a thupi, nafika ngakhale mu mkaka wa m'mawere; cifukwa cace maiko anapangana ku Stockholm m'caka ca 2001 kuti aleke kumthira m'minda, namlola pa nchito yolimbana ndi udzudzu wa malungo. Kuno ku Malawi lamulo la mankhwala ophera tizirombo linaikidwa m'caka ca 2000, kuti ogulitsa akhale ndi cilolezo, ndi mankhwala akhale ndi malembo. Tigule kwa otere, si kwa woyeza ndi supuni pamseu.

Abale, m'cilamulo ca Mose, pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba analamulidwa kuchinga m'mbali mwa tsindwi, kuti munthu angagwe, mlandu wa mwazi nukhala pa mwini nyumba. Ticiphunzirepo kuti Mulungu awerengera kusasamala ngati mlandu. Elisa anaciza mphika ndi ufa, koma ife sitinalonjezedwa cozizwa ngati tiika ululu pafupi ndi ana athu dala. Kutero ndiko kuyesa Mulungu. Inu odziwa kuwerenga, werengerani anansi anu malembo a pa botolo. Akulu a mpingo ndi amai, poyendera nyumba, nenani izi mofatsa. Ndipo yense pobwerera kwao lero, ayang'ane pansi pa kama ndi kuseri kwa citseko, nacotse cimene mwana angacifikire. Ambuye, amene anatipatsa nthaka ndi madzi kuti tizisunge, atipatsenso mtima wakusamala moyo wa mnzathu. Amen.