Vairasi imene imasankha mwala

Mukamva mawu akuti vairasi, maganizo amathamangira ku HIV kapena Covid-19. Komatu mavairasi ambiri padziko lapansi alibe nafe ntchito anthufe, amagwira mabakiteriya okha. Dzina lawo ndi bacteriophage, mwachidule phage. Frederick Twort anawatulukira mu 1915, ndipo Félix d'Hérelle anawapezanso payekha mu 1917. Nanga kachilombo kotere kakufuna chiyani kumgodi?

Tiyambe ndi vuto la amigodi. Mwala wokumbidwa m'migodi yambiri ya mkuwa umakhala ndi mkuwa wosafika ngakhale 1 peresenti. Amaugaya kukhala ufa, n'kuuthira madzi ndi mankhwala otchedwa xanthate, kenako n'kupoperamo mpweya. Mankhwalawo amamata tizidutswa ta chalcopyrite, mwala umene muli mkuwa, ndipo timasiya kunyowa, ngati nthenga za bakha. Kachidutswa kosanyowa kamakakamira thovu la mpweya n'kukwera nalo pamwamba, pomwe mchenga wonyowa umatsalira pansi. Apa ndi physics yokhayokha, nkhani ya mphamvu za pakhungu la madzi ija timaphunzira m'kalasi. Koma xanthate sasankha bwino, amatha kugwiranso pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulfure umene sakuufuna.

Apa m'pamene phage yotchedwa M13 ikulowera. Ndi yaitali ngati kaulusi, pafupifupi nanomita 900, ndipo imaswana mkati mwa bakiteriya wa E. coli. Mu 1985, George Smith anaonetsa kuti ukasintha DNA ya phage yotere, kunja kwake kumatuluka kapuloteni kakang'ono kamene wasankha. Ntchito imeneyi inam'patsa gawo la mphoto ya Nobel mu 2018.

Ndiye asayansi amapanga ma phage okhala ndi timapuloteni tosiyanasiyana, mitundu pafupifupi biliyoni imodzi. Amawathira pa ufa wa mwala umene akuufuna n'kutsuka. Osamata onse amapita ndi madzi. Omata amawachotsa n'kuwapatsa E. coli kuti aswane, n'kubwereza katatu kapena kanayi. Otsala pomaliza ndi aja ogwira mwala umenewo molimba. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti wasayansiyo sayenera kudziwiratu puloteni yoyenera. Mwala womwewo ndiwo umadzisankhira.

Ku University of British Columbia, ku Canada, Susan Curtis, Scott Dunbar ndi anzawo anapeza mwa njira imeneyi ma phage omata chalcopyrite ndi sphalerite, mwala wa zinki. Anaonanso kuti phage imodzi, poti ndi yaitali, imatha kugwira tizidutswa tingapo nthawi imodzi n'kutimanga m'magulu olemera amene amamira msanga.

Kumira msangako si nkhani yaing'ono. Zotsalira za kumgodi ndi matope osalala kwambiri, ochedwa kudikha, amene amasungidwa m'madamu kwa zaka zambiri. Damu lotere likagumuka, ngozi yake ndi yaikulu. Mu February 2025, lina linaphulika kufupi ndi Chambishi ku Zambia, ndipo madzi a asidi anatsikira mumtsinje wa Kafue n'kupha nsomba. Matope odikha msanga amabweza madzi ake kufakitale mofulumira, m'malo mowaunjika kuseri kwa khoma.

Musafulumire kuganiza kuti migodi yayamba kale kuthira mavairasi m'mathanki. Ntchitoyi idakali m'malabotale, pa ufa wochepa, pomwe mgodi waukulu umagaya matani masauzande ambiri tsiku lililonse. N'chifukwa chake ofufuza ena amagwiritsa ntchito phage pongopeza puloteni yoyenera, kenako n'kumapanga puloteniyo payokha, vairasi n'kuisiya m'botolo.