Mungu, Mwera ndi Mphumu ku Mbungo

Anthu a ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma, amadziwa kuwerenga nyanja. Msodzi akaona madzi ayamba kuda cha kummwera safunsa munthu, amangokokera bwato kumtunda poti mwera wafika. Komatu ilipo nyengo ina imene ambirife sitinaphunzire kuiwerenga ngakhale imabwera chaka ndi chaka: nyengo imene ana amayetsemula kosalekeza, maso akuyabwa, ndipo odwala mphumu amachezera usiku ali chokhala.

Ku madrasa timaziona msanga. Mvula ikamapita kumapeto, mu Malichi ndi Epulo, ana omwe aja a chaka chatha amabweranso akutikita mphuno. Makolo amati n'chimfine. Koma chimfine chenicheni chimatha pa sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo chimapatsirana m'nyumba. Ichi chimakhala mwezi wathunthu, mamina ali ngati madzi, thupi silitentha, ndipo mnzake wogona naye mphasa imodzi satengera. Ndi thupi la mwanayo limene likudana ndi chinthu chosavuta kwa ena, ndipo pa nyengo imeneyi chinthucho kawirikawiri chimakhala mungu.

Ambiri timaloza chala mitengo ya mango, chifukwa ikachita maluwa cha mu Julayi ndi Ogasiti fungo limadzaza mudzi wonse. Mlandu wake ndi wochepa. Mungu wa mango amanyamula ndi ntchentche ndi njuchi, suuluka kutali. Nayo milambe yathu ija, imene maluwa ake oyera amatseguka madzulo mvula ikayandikira, imadalira mileme ndi agulugufe a usiku. Wovuta kwenikweni ndi udzu. Maluwa ake sitiwayesa n'komwe maluwa, alibe fungo loitanira njuchi, choncho amangomwaza mungu wambirimbiri mu mphepo, wopepuka ndi wosaoneka ndi maso.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi dokotala wina wa ku Manchester, Charles Blackley, mu 1873. Iyenso anali wodwala nthendayi, ndipo ankamangirira timagalasi tomata pa kaiti kuti aone mungu wa m'mwamba. Mu 1952 Jim Hirst anapanga makina amene akugwirabe ntchito mpaka lero: amakoka mpweya malita 10 pa mphindi iliyonse, mungu n'kumamatira pa tepi, ndipo akatswiri amauwerenga pa maikulosikopu. Ku South Africa, mu 2019, anakhazikitsa makina otere m'mizinda isanu ndi iwiri, kuphatikizapo Cape Town, Johannesburg ndi Durban, kuti anthu azimva sabata iliyonse ngati mungu wakwera. Amene muli ndi ana ogwira ntchito kumeneko odwala mphumu, auzeni zimenezi.

Pa chilumba pano makina otere palibe. Tsono chimene tili nacho ndi kope ndi cholembera. Tsiku limene mwana wavutika, lembani deti, mphepo imene ikuomba, ndi chimene chikuchitika pabwalo: kodi udzu wachita maluwa, akumweta wofolera, kapena akutentha tchire? Pakatha chaka chimodzi kopelo limayamba kulankhula. Mupeza kuti wina amavutika ndi mungu wa mu Epulo, pamene mnzake mu Epulo ali bwinobwino koma amabanika mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba ndi kuzizira ndi fumbi lake. Wachitatu ndi wa Seputembala ndi Okotobala, pamene mapiri a kutsidya, cha ku Cobue, amabisika mu utsi wa lupsa. Mphepo ikakhala bata usiku, mpweya wozizira umatsikira m'zigwa pamodzi ndi utsi, n'chifukwa chake nyumba za m'munsi zimadzuka ndi chifuwa pamene za pachitunda zili chete. Lembaninso masiku amene nkhungu yatera pamudzi. Ku Sudan, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, tizilombo touluka tofananako nato tinapezeka kuti timayambitsa mphumu.

A zanyengo ku Blantyre amalengeza pa wailesi za mwera kuti asodzi asamale. Mayi wa mwana wa mphumu aumve uthengawo ngati wake. Mwera ukalimba mabwato sayenda, ndipo wodwala wofunika kumtunda amadikira nyanja. N'chifukwa chake tikuti mankhwala opopera mkamwa aja, a salbutamol, akhale m'nyumba nyengo isanafike. Ena amati mwana akayamba kupopera sasiyanso. Si zoona, mankhwalawa amangotsegula njira za mpweya. Koma ngati akufunika kupopera kangapo sabata iliyonse, kauzeni adokotala, pakuti alipo ena oteteza amene amapoperedwa tsiku ndi tsiku.

Mvula ya pang'onopang'ono imatsuka mpweya, koma ya mabingu ndi mphepo ndi nkhani ina. Pa 21 Novembala 2016, mu mzinda wa Melbourne ku Australia, mkuntho unaswa mungu wa udzu kukhala tizidutswa tolowa mpaka m'mapapo. Anthu zikwi anathamangira kuchipatala ndipo 10 anamwalira. Mabingu akamagunda udzu uli ndi maluwa, wa mphumu alowe m'nyumba.

Za Piriton tinenepo mawu awiri. Amaletsadi kuyetsemula, koma amagonetsa. Bambo wopita ku usipa usiku asamwe. Afunse cetirizine amene sagonetsa kwambiri. Mwana wa maso oyabwa amene ayamba kuoneka ofiirira musamuthire mankhwala a zitsamba kapena otsala a munthu wina, chifukwa ena a iwo amaononga diso. Chifuwa chopitirira masabata awiri n'chofunika kuyezetsa TB. Ndipo mwana akamalephera kumaliza mawu, nthiti zikulowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche: mumpopere, n'kunyamuka naye kupita kuchipatala cha St Peter's.

Kutsuka mphuno ndi madzi oyera kumachotsa mungu womatirira, ndipo ife timachita kale zimenezi pa wudhu. Mwana wochokera kosewera m'udzu asambenso kumaso ndi kusintha malaya. Zaka zino Ramadhan ikukumana ndi nyengo ya udzu: mu 2025 inayamba kumayambiriro a Malichi, ndipo chaka chilichonse imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11. Pa funso lakuti kupopera kumamasula swaumu kapena ayi, ma Sheikh amasiyana maganizo, koma onse amavomereza kuti wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Funsani a Sheikh anu mwezi usanaoneke, ndipo funsaninso adokotala ngati mankhwala oteteza aja mungawapopere pa daku ndi pa futari.