Chanzi Nachonso Ndi Duwa la Pakhomo

M'midzi yozungulira msika wa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya ku Ntcheu, muli makomo osesedwa bwino ndi okongoletsedwa ndi maluwa ochokera kunja. Koma chitsamba china chimene chikadayenera kukhala pafupi ndi khonde chimasiyidwa m'mbali mwa njira ndi m'malire a minda, kumene chikwanje ndi moto wolusa zimachipeza chaka ndi chaka. Chitsambachi ndi chanzi, chimene akatswiri a zomera amachitcha Lippia javanica.

Dzinali lisasokoneze munthu. Amene anayamba kuchilemba m'mabuku ankayesa kuti chinachokera pachilumba cha Java, pamene kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Chimatalika mpaka mamita 2. Masamba ake ndi okhakhala, ndipo munthu akawafikisa m'manja amatulutsa fungo lofanana ndi la ndimu. Maluwa ake ndi aang'ono, oyera, ounjikana m'timagulu tozungulira. Sakopa maso patali, komabe njuchi siziwaphonya.

Makolo ankawiritsa masambawa ndi kumwa ngati tiyi pofuna kuchepetsa chimfine ndi chifuwa, ndiponso ankaika nthambi zake m'nyumba kuti apirikitse udzudzu. Ku Zimbabwe, kumene amachitcha zumbani, anthu anachifunafuna kwambiri m'chaka cha 2021 pa mliri wa Covid-19, mpaka chinasanduka malonda m'mizinda. Apa mpofunika kunena mosabisa: chanzi sichichiza matendawa, ngakhalenso malungo. Mwana wotentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Anthu a maiko ena saziona mopepuka zitsamba zawo. Ku New Zealand kuli chitsamba chotchedwa manuka, chimene amalinyero a James Cook, amene anafika kumeneko mu 1769, ankawiritsa masamba ake m'malo mwa tiyi. Lero chimabzalidwa m'minda ya maluwa, ndipo uchi wake ndi wokwera mtengo zedi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbale wake wa chanzi, lantana, ndiye analandiridwa ndi manja awiri. Anachokera ku America kaamba ka maluwa ake owala, koma mbalame zinamwaza njere zake ponseponse. Tsono amalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amaononga chiwindi cha ng'ombe, chinthu chimene Mngoni wokhala ndi khola sangachitenge ngati nkhani yamasewera.

Kubzala chanzi sikulira ndalama. Munthu adule kanthambi kokhwima pang'ono kumayambiriro a mvula, akazike pamalo ofika dzuwa, ndi kumathirira mpaka katagwira. Kakagwira kamapirira chilimwe ngakhale panthaka yamiyala. Kudulira nsonga kamodzi pachaka kumachititsa kuti chitsambacho chichite nthambi zambiri, ndipo masamba odulidwawo amaumitsidwa pamthunzi kuti fungo lisathe.