Kuwerenga Ndalama ya Kaisara

Ndalama ija anamuonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho (Mateyu 22) inali denario, kandalama ka siliva kosakwana bwino magalamu 4. M'fanizo la munda wa mpesa, denario ndiye malipiro a tsiku limodzi. Osonkhanitsa ndalama zakale ambiri amati inali ya mfumu Tiberius, amene analamulira Roma kuyambira caka ca 14 kufikira 37.

Amaidziwa bwanji? Nkhope yokha imanyenga, pakuti yafufutika ndi manja a anthu. Umboni uli m'zilembo zozungulira mutu. Inu atsogoleri a makalasi, tazilembani pabolodi:

TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS

Poyamba auzeni ophunzira kuti Aroma analibe U. Pamalo pace amalemba V. Kenaka mawuwo ngodula-dula cifukwa malo ngocepa. TI ndi Tiberius, F ndi filius, kapena kuti mwana, DIVI AVG ndi Augustus womwalirayo amene anamuyesa mulungu. Conco kandalamaka kakuti: Tiberius Kaisara, mwana wa mulungu Augustus. Kuseri kwace kuli mayi wokhala pampando, ndi mawu akuti PONTIF MAXIM, mkulu wa ansembe. Myuda wopembedza pogwira cinthu cotere, mtima sukanakhala m'malo ai. Zambiri mwa izi zinasulidwa ku Lugdunum, lero Lyon, ku France.

Pa ndalama za mafumu ena mpaka caka cimapezeka. Zilembo TR P zimanena ulamuliro umene mfumu imapatsidwanso caka ndi caka. Domitian analowa ufumu mu 81. Mukaona TR P XI pa denario wace, ndiye kuti ngwa 91 kapena 92. Apa ophunzira alawako ndi manambala a Ciroma omwe.

Sikelo nayonso imanena zace. Nero mu 64 anacepetsa kulemera kwa denario nasakanizamo mkuwa pang'ono. Otsatira ace anaonjeza mkuwawo. Caracalla mu 215 anatulutsa ndalama ina, mfumu itavala cisoti ca nyanga-nyanga ngati dzuwa. Pofika m'ma 260 siliva wace anangotsala wopaka pamwamba basi.

Akathyali analipo kale. Amakuta mkuwa ndi siliva wopyapyala, ndipo lero pong'ambika pamaoneka dzimbiri lobiriwira. Zabodza zamasiku ano zambiri nzothira m'cikombole: zilembo zace nzobuntha, ndipo m'mbali mumaoneka msoko. Yeniyeni imasulidwa ndi nyundo, ncifukwa cace kawiri-kawiri siyozungulira bwino. Wodziwa saikweca ndi mcenga kapena phulusa monga ticitira ndi mapoto, pakuti zilembo zimapita pamodzi ndi litsiro, mtengo wace nkugweratu.